MTSINJE WA SHIRE NDI MATHITHI AKE

Mwana wa sukulu aliyense mukamufunsa dzina la mtsinje waukulu wa dziko lathu amayankha msanga kuti ndi Shire, ndipo amakhoza. Koma mukamuwonjezera funso lachiwiri, lakuti n'chifukwa ninji mtsinje waukulu chotere, wotuluka m'nyanja nukathira mu Zambezi, sunyamula katundu wathu kunka naye ku nyanja ya mchere, mwanayo amangokanda m'mutu. Akulu ambiri angakandenso momwemo. Yankho lake lili pa mathithi. Tsono m'phunziro la lero tiyeni titsike ndi mtsinjewu, maso athu ali pa mathithiwo, pakuti mbiri ya Shire, nsomba zake, ngakhale nyale ya magetsi imene mukuwerengera nyuzi ino, zonse zimakumana pamenepo.

Ulendo wa madzi

Mitsinje yothira m'Nyanja ya Malawi ndi yambiri: Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, ndiponso Ruhuhu wa ku Tanzania. Koma wotulukamo ndi umodzi wokha. Shire umatuluka kumwera kwenikweni kwa nyanja, pafupi ndi Mangochi, nuyenda makilomita pafupifupi 400 kufikira pamene ukumana ndi Zambezi m'dziko la Mozambique.

Ulendo umenewu uli m'zigawo zitatu zosafanana. Kuchokera ku Mangochi, kupyola m'kanyanja ka Malombe ndi pa Liwonde kufikira ku Matope, madzi amayenda mwaulesi, pakuti dziko la kumeneko ndi lathyathyathya. Kumunsi, kuchokera ku Chikwawa kudzera pa Chiromo ndi ku Nsanje, n'chimodzimodzinso: mtsinje umangokhotakhota m'chigwa chotentha, numwazika m'madambo. Koma pakati pa zigawo ziwirizi mtsinje umasanduka wina. Pa mtunda wa makilomita ngati 80 okha madzi amatsika mamita oyandikira 400, akugwa ndi kuwinduka pamiyala ya Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga, ndipo potsiriza pa Kapichira. Amene anatsikako ku Thabwa pa galimoto pochokera ku Blantyre, makutu ake natsekeka, adziwa kuti chigwa cha Chikwawa chili pansi ndithu. Galimoto imatsika mosamala ndi mabuleki. Madzi alibe mabuleki.

Sitima zimene zinabwerera pa Kapichira

Kwa eni dziko akale mathithi sanali vuto lalikulu. Amang'anja, anthu a mfumu Lundu ndi a kachisi wa Mbona wa ku Khulubvi, ankalima thonje m'chigwa, kuomba nsalu, kusula makasu ndi kuphika mchere. Bwato likafika posayendeka ankalikokera kumtunda, katundu namusenza pamutu. Amene anavutika ndi mathithi ndi alendo obwera ndi sitima zachitsulo.

M'chaka cha 1858 David Livingstone anatumidwa ndi boma la Britain kudzaona ngati Zambezi ungakhale msewu wa sitima wolowera pakati pa Africa. Mathithi a Cahora Bassa, kumtunda kwa Tete, anamubweza. Pamenepo anakhotera mu Shire mu Januwale 1859, ali m'kasitima kotchedwa Ma Robert, kamene kankadya nkhuni zambiri koma kuyenda pang'ono. Anapyola madambo ndi midzi, mtima uli m'mwamba kuti njira ija waipeza, kufikira tsiku limene anamva mkokomo wa Kapichira. Anawapatsa mathithiwo dzina la bwenzi lake, Sir Roderick Murchison, ndipo dzinalo linakhalitsa pa mapu, ngakhale kuti eni dziko sanaleke kutchula maina awo akale. Ku nyanja anakafika wapansi mu Sepitembala chaka chomwecho.

Munthuyu sanali wogonja msanga. Anagula ndi ndalama zakezake sitima ina, Lady Nyassa, kuti ikayende pa nyanja ndi kutsekereza malonda a akapolo, ndipo mu 1863 anayamba kulambula msewu wolambalala mathithi. Ntchitoyo isanapite patali boma lake linamuitana kuti abwerere. Taonani zodabwitsa: sitima imene inalephera makilomita owerengeka a miyala ya Shire, Livingstone anaiwolotsa nyanja yaikulu ya mchere kukafika nayo ku Bombay, m'dziko la India, mu 1864.

Zaka zimenezo zinali zowawa m'chigwa. Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican, amene anayamba mishoni ku Magomero mu 1861, anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Chilala cha 1862 ndi 1863 chinagwa pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo, kotero kuti Livingstone analemba za mitembo ya anthu imene inkayandama tsiku ndi tsiku kudutsa pa sitima yake. Ena mwa Amakololo amene anabwera naye kuchokera kumtunda kwa Zambezi sanabwerere kwawo. Anakhazikika cha ku Chikwawa nasanduka mafumu, ndipo maina onga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima alipo kufikira lero.

Amene anagonjetsa mathithi, kunena zoona, ndi amtengatenga. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, otsogozedwa ndi Edward Young, ali ndi Dr Robert Laws, anafika pansi pa Kapichira ndi sitima ya Ilala. Anaimasula zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana a m'midzi ya Amakololo anasenza zitsulozo pamutu, kukwera nazo zitunda m'dzuwa lotentha, mpaka kumtunda kwa mathithi kumene inalumikizidwanso. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja. Mabuku a mbiri amatchula Young ndi Laws. Mwa osenza aja satchulapo ndi mmodzi yemwe. Kuyambira pamenepo njira inakhala yotero kwa zaka zambiri: sitima kuchokera ku Zambezi kufika kwa Katunga, mtengatenga kukwera ku Blantyre ndi kutsikira ku Matope, kenaka sitima ina kunka ku nyanja. Mzinda wa Blantyre unakulira pa njira imeneyi, kampani ya Mandala itayamba malonda ake mu 1878.

Njira yomweyi inabweretsanso ansembe athu oyamba. A chipani cha White Fathers anakhala kwa Mponda, m'mbali mwa Shire pafupi ndi Mangochi, kuyambira kumapeto kwa 1889 kufikira pakati pa 1891, koma anachokapo osaphula kanthu kwenikweni. A chipani cha Montfort anakwera ndi mtsinje mu 1901 popita ku Nzama, ndipo chigawo cha Mpingo chimene lero ndi Arkidayosizi ya Blantyre chinayamba mu 1903 ndi dzina la Shire. M'zaka zomwezo za 1889 mpaka 1891 Apwitikizi ndi Angerezi analimbirana mtsinjewu, ndipo pangano lawo ndilo linaika Ruo ndi chigawo china cha kumunsi kwa Shire kukhala malire athu ndi Mozambique.

Pamene Shire unaleka kuyenda

Apa tafika pa nkhani imene ambiri saidziwa, chonsecho ndiyo yoyenera kuikumbukira koposa. Nyanja yathu ndi yakuya, kumpoto imafika mamita 700. Koma Shire sutunga madzi pansi. Umangolandira osefukira pamwamba, monga madzi otayikira pamlomo wa mtsuko wodzaza. Madzi ambiri a m'nyanja amauluka ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo opita mu Shire safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi onse ochoka m'nyanjamo. Tsono mvula ikachepa zaka zingapo zotsatizana, nyanja ikatsika mamita atatu okha, mtsuko uja umakhalabe ndi madzi ambirimbiri, koma pamlomo sipatuluka kanthu.

Zimenezi zinachitika. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanja inali kutsika, sitima zinayamba kutitimira mumchenga, ndipo doko linasamuka kuchoka kwa Katunga kunka ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. N'chifukwa chake njanji inamangidwa: inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1915 anaitalikitsa kufika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. M'chaka chomwecho cha 1915 madzi analeka kutuluka m'nyanja. Mchenga, matope ndi mabango zinatseka njira, anthu nayamba kuwoloka ndi miyendo pamene kale pankadutsa sitima, ndipo pansi pa Malombe panasanduka minda. Kumunsi kunkayenda madzi a timitsinje ta m'mbali tokha. Zinakhala chomwecho zaka makumi awiri, kufikira mu 1935 pamene nyanja inakweranso niphwasula mchenga uja.

Makolo athu a nthawi imeneyo sanadandaule kwambiri, pakuti nyale zawo zinali za mafuta, ndipo ena anapezerapo minda yachonde. Ife lero sitingapirire chotero.

Miyala imene inasanduka chuma

Kutsika kwa madzi komwe kunabweza Livingstone ndiko kumapukusa makina a magetsi. Mu 1965 anamanga baraji ya Kamuzu pa Liwonde, yokhala ndi zitseko zochepetsa kapena kuchulukitsa madzi opita kumunsi, kuti a m'dzinja asungike kufikira m'chilimwe. Chaka chotsatira, 1966, makina a pa Nkula anayamba kugwira ntchito. A pa Tedzani anatsatira mu 1973, a pa Kapichira mu 2000, ndipo ena akhala akuwonjezedwa pa malo atatuwa. Mbali yaikulu ya magetsi a dziko lino imachokera pa kachigawo kameneka ka mtsinje umodzi. Anthu a mu Blantyre amamwanso Shire yemweyu, wopopedwa pa Walker's Ferry kukwera mapiri, ndipo nzimbe za ku Nchalo zimathiriridwa ndi madzi ake.

Kuika mazira onse a mudzi m'chisa cha nkhuku imodzi kuli ndi zoopsa zake, ndipo taziona. Mu 2016 ndi 2017 nyanja itatsika, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Zigayo zinaima, ometa ndi owotcherera zitsulo anakhala manja lende. Mu Januwale 2022 vuto linali la madzi ochuluka: namondwe wa Ana anagumula damu la pa Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anatayika usiku umodzi, ndipo makinawo sanabwerere kufikira 2023. Palinso adani ena oyenda mwakachetechete. Namasupuni ndi udzu woyandama zimatseka zosefera za makina. Dothi lokokoloka m'mapiri a Ntcheu, Neno ndi Mwanza, kumene mitengo yatha, limatsika ndi Rivirivi, Lisungwi ndi Wamkulumadzi kudzadzaza madamu. Woyenda pa msewu wa Zalewa amaona matumba a makala ali ndandanda, pafupi pomwe ndi mtsinje. Wogula makalawo ndi munthu wa m'tauni amene magetsi amuzimira; mtengo wodulidwawo ndiwo ukanagwira dothi limene likuzimitsa magetsi ake. Sitikunena izi ponyoza wootcha makala, amene naye ali ndi ana ofuna kudya.

Mpanda wa nsomba

Mathithi ali ndi ntchito ina imene maso saiona. Kumtunda kwake kuli nsomba za m'nyanja: chambo, kampango, ndi kambuzi wa ku Malombe. Kumunsi kuli nsomba za mtundu wa ku Zambezi, monga mphende, dowe, ndi mcheni wa mano akuthwa ngati minga, wosaka nsomba zinzake mwaukali. Musamusokoneze ndi mcheni wa kunyanja. Dzina ndi limodzi koma nsomba ndi ziwiri. Mcheni wa kumunsiyu sangathe kulumpha Kapichira, ndipo chifukwa cha mpanda umenewu nsomba za m'Nyanja ya Malawi zakhala pazokha kwa zaka zosawerengeka, nizichulukana mitundu mazanamazana imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. N'chifukwa chake pokonza mapulani a ngalande yaikulu yothirira minda ya m'chigwa, yotenga madzi pa Kapichira, akatswiri anayenera kuganizira chotchinga, kuti ngalandeyo ingasanduke makwerero a mcheni.

Koma mpanda wa miyala suteteza nsomba kwa anthu. Chambo cha ku Malombe, chimene chinali chochuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, chinali chitatsala pang'ono kutheratu pofika m'ma 1990, chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi ana omwe.

Nyama za m'mbali mwa mtsinje

Pamene Livingstone ankapyola dambo lalikulu la pakati pa Chikwawa ndi Chiromo, anawerenga njovu ngati 800, ndipo n'chifukwa chake pa mapu pamalembedwa Elephant Marsh, ndiye kuti dambo la njovu. Lero mulibe njovu ndi imodzi yomwe. Zinatha ndi mfuti za osaka minyanga. Dambolo latsala la asodzi, a madimba, ndi mbalame zosawerengeka: akakowa, atsekwe, avuwo, ndi anantchengwa. Mu 2017 linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, wa pangano la Ramsar.

Wofuna kuona m'mene Shire unkaonekera kale apite ku nkhalango ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 548. Mtsinje umadutsa m'mphepete mwake pakati pa migwalangwa ndi malambe. Chakumadzulo njovu zimatsikira kumadzi, zina kuwoloka chitamba chokha chili pamwamba. Anakodzwe ndi nswala zimadya m'dambo. Nkhwazi imalira pamtengo mutu utapendekera kumbuyo. Mvuu zilipo zambiri. Nyama imeneyi imakhala m'madzi usana wonse chifukwa khungu lake silipirira dzuwa, ndipo usiku imatuluka kukadya udzu wokwana makilogalamu ngati 40. Ndowe zake zimagwera m'madzi ndi kudyetsa tizilombo timene nsomba zimadya, kotero kuti msodzi wodana ndi mvuu amadya za mvuu osadziwa. Ng'ona imaikira mazira ake mumchenga, amene amaswa patapita miyezi ngati itatu. Kutentha kwa mchengawo ndiko kumagamula ngati ana adzakhala aamuna kapena aakazi, ndipo ng'anzi amafukula ambiri asanaswe.

Nkhalangoyi inatsala pang'ono kuwonongeka. Pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa pamodzi ndi boma mu 2015, alonda anatolamo misampha ya waya zikwi makumimakumi. Anamanga mpanda wa magetsi kuzungulira, nabwezeramo mikango mu 2018, zipembere zina 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Njovu zinachuluka kotero kuti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwa pa malole kunka ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Ku Majete, kumene kuli mathithi a Kapichira, nkhani ndi yoposa pamenepa: pofika 1992 njovu zonse zinali zitaphedwa, koma kuyambira 2003 nyama zabwezedwamo mtundu ndi mtundu, mikango nifika mu 2012. Pafupi pomwepo, ku Lengwe, ndi kwawo kwa boo.

Tisaiwale kuti zimene mlendo amajambula ndi chisangalalo, mwini mudzi amagona nazo ndi mantha. Mvuu imatha dimba la chimanga usiku umodzi. M'zaka za njala amayi a ku Nsanje amalowa m'dambo kukazula nyika, ng'ona zili momwemo, ndipo ena sabwerako. Mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato lodzaza ndi anthu opita kuminda kutsidya kwa Shire m'boma lomwelo, ndipo ambiri anamira. Miyezi iwiri yokha m'mbuyo mwake chigwa chinali chitasefukira ndi namondwe wa Freddy, monga chinachitira mu 2015, 2019 ndi 2022.

Kukacheza ku mtsinje

N'zomvetsa chisoni kuti alendo amachoka ku Ulaya ndi ku America kudzaona Shire, pamene ana ambiri obadwira ku Balaka, ku Machinga kapena ku Chikwawa sanaonepo njovu koma pa chithunzi. Chikhalirecho mtengo wolowera m'nkhalango zathu ndi wotsika kwa Amalawi kusiyana ndi wa alendo. Aphunzitsi ndi akatekisiti amene mumatsogolera magulu a achinyamata, ulendo wa tsiku limodzi ndi wotheka mukasonkherana. Nthawi yabwino ndi kuyambira Julayi kufikira Okutobala, udzu utauma, nyama zitasonkhana kumadzi. Kungoti kuchigwa mwezi wa Okutobala dzuwa lake silichita masewera, choncho nyamulani madzi akumwa okwanira.

Ku Liwonde chokoma koposa ndi kuyenda pa boti la injini, pakuti nyama siziopa boti monga ziopera munthu wapansi. Ku Majete kaimeni pamwamba pa Kapichira, anawo amve okha mkokomo umene unabweza Ma Robert, ndipo aone damu pamodzi ndi miyala. Ku Mangochi, pafupi ndi mlatho, kuli nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi mzinga wa sitima ya Gwendolen ya pa nkhondo ya 1914. Okonda mbedza apite kumunsi kwa mathithi akayesane mphamvu ndi mcheni, koma amange kawaya pafupi ndi mbedza, chifukwa ulusi wamba amaudula ndi mano.

Za kusambira, ayi. Madzi odekha a m'mabango ali ndi nkhono za likodzo, ndipo ng'ona imakonda doko limene anthu amafikapo nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Mukakwera bwato lopalasa musadzazemo kufikira m'milomo, ndipo musadabwe mukaona wopalasa akugogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi yake. Akudziwitsa mvuu zimene zamira kuti zivuuke, aone pamene zili, azilambalale patali, makamaka yaikazi imene ili ndi mwana.